Golide Amene Sanapezeke

Pamene muyenda pa njinga kapena pa galimoto kucoka ku Kasenengwa kupita ku Chipata, mumaona minda, midzi ndi mapiri. Kodi mudziwa kuti m'dziko limeneli munakhetsedwa mwazi cifukwa ca golide amene anthu anangomva mbiri yake?

Mu 1891 munthu wina wa ku Germany, Carl Wiese, amene anali kugula minyanga ya njovu, analandira kwa Nkhosi Mpezeni cilolezo cakuti afune miyala ya mtengo wapatali m'dziko la Angoni. Mphekesera inafika ku London yakuti kwa Mpezeni kuli golide wambiri. Mu 1895 anthu olemera anayambitsa kampani ya North Charterland Exploration Company. Madandaulo a eni dziko sanawalabadire. Makutu ao anali kumva liu limodzi cabe: golide.

Mu January 1898 asilikali ocokera ku dziko limene lero ndi Malawi anafika ndi mfuti zazikulu. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anatsogolera ankhondo, koma mikondo inalephera. Nsingo anagwidwa ndi kuomberedwa, midzi inatenthedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinatengedwa. Cuma cimene Angoni anasonkhanitsa kwa zaka zambiri, cina ca ico colanda kwa Acewa ndi Ansenga, cinatha m'masabata ocepa.

Nanga golide uja? Anafufuza, koma wocuruka amene anali kulota sanapezeke. Tsono kampaniyo inayamba kugulitsa malo kwa azungu olima fodya. M'zaka za m'ma 1920 anthu ambiri anasamutsidwa ndi kupanikizidwa m'malo ocepa, nthaka inaguga, cakudya cinacepa. Pomwepo malo aakulu anakhala thengo, kudikira ogula amene sanabwere. Mu 1941 boma linatenga malo ambiri a kampaniyo kuti anthu akhalemonso.

Tsegulani Luka 12:13-21. Ambuye Yesu asimba za munthu amene munda wake unabereka kwambiri. Werengani bwino, muone amene munthuyu anakambirana naye. Sanafunse Mulungu, sanafunse mnansi, sanakumbukire anchito amene analima. Anadzifunsa yekha, nadziyankha yekha. Mulungu atalankhula usiku umenewo, nthawi inali itatha. Cimo lake silinali kukolola zambiri ai, koma mtima wodzala ndi iye mwini, wopanda malo a mau a Mulungu.

M'dziko lomweli munacitikanso zina. Pa 5 July 1899 amishoni a Dutch Reformed Church anamanga msasa pa Magwero. Mu 1905 pamalopo panayamba maphunziro a anthu osaona, amene kampani yofuna golide sikanawawerengera konse. Lero ndani akumbukira eni kampani ija? Koma sukulu ya ana osaona pa Magwero ikalipo.

Mwina munganene kuti, "Ife ndife osauka, nkhaniyi itikhudza bwanji?" Abale ndi alongo, kugontha kumeneku sikufuna ndalama zambiri. Kumayamba tsiku limene mwagulitsa thonje, nshawa kapena soya, ndipo m'mutu mwanu mwadzala zogula zanu zokha. Ambuya akudandaula kuti denga likudontha, simumva. Mng'ono wanu alibe yunifomu, simuona. Pa Sondo muli m'calici, koma mtima uli kuwerenga matumba.

Kulima mwamphamvu ndi kupeza ndalama si cimo. Koma caka cino, musanagwiritse nchito ndalama za zokolola, khalani cete pamaso pa Mulungu ndi kumufunsa kuti ndani ali ndi gawo m'nkhokwe yanu. Kenaka mumvere.

Kambiranani m'gulu lanu: Kodi "golide" amene atseka makutu a acinyamata a m'mudzi mwanu ndi ciani?