Kompyuta Imene Inakana Kufa

Commodore 64 inatuluka mu 1982 na memori ya makilobaiti 64 cabe. Cithunzi cimodzi ca pa foni yanu sicingakwanemo. Anyamata a ku Europe anayamba na kuthyola maloko a magemu n'kulembapo maina a magulu awo. Pambuyo pake anayamba kupikisana popanga nyimbo na zithunzi zoyenda, zochedwa mademo. Kampani ya Commodore inagwa mu 1994, koma iwo makinawo sanataye. Mpaka lelo amakumana pa Isitala ku Saarbrücken, Germany, pa mpikisano wa Revision. Mu 2020, Finland inalemba luso limeneli pa mndandanda wa cikhalidwe ca dziko.

Cimene cimanikoka ine n'cakuti kucepa kwa memori ndiko kunawanola nzelu. Ise a m'komboni tidziŵa: cinthu cikali kugwila nchito sititaya.