Okapi ndi Anzake: Mbiri ya Mpeni wa M'thumba

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda za makolo, mnyamata akafika pa msinkhu wofuna mpeni wakewake, maso ake amathamangira wonyezimira, wa mano ngati a ng'ona, umene amauona m'mafilimu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa nkhani ya mipeni mawu amenewa ndi oona kwathunthu. Mipeni yopinda imene yakhala pa msika kwa zaka zoposa 100, osasinthika kwenikweni, siinapangidwire anthu olemera. Inapangidwira alimi, abusa a ziweto, asilikali wamba ndi anthu a m'migodi. Amene akufuna kugula mpeni wake woyamba ndi ndalama zochepa achita bwino kuyamba wamva mbiri yake, pakuti mbiriyo imuuza choyang'ana akafika m'sitolo.

Makolo athu sanadikire Azungu kuti adziwe mpeni. Amaravi anali odziwika pa ntchito yosula. Ankakumba miyala ya chitsulo m'mapiri, n'kuisungunula m'ng'anjo zadothi ndi makala, akupemerera moto ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi. David Livingstone atafika kwa Amang'anja ku mapiri a m'mbali mwa Shire m'chaka cha 1859, anapeza midzi ili ndi ng'anjo zake, ootcha makala ake ndi osula ake, amene ankapanga nkhwangwa, mikondo, mivi, singano ndi zibangili. Koma mpeni wa masiku amenewo sunali wopinda. Unali wowongoka, wa chigwiriro cha mtengo, ndipo unkakhala m'chimake, womangirira m'chiuno. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona ngakhale ambiri sachiganizira: nyanda ndi nsalu yomangira m'chiuno zilibe thumba. Mpeni wa m'thumba unayenera kudikira kabudula, buluku ndi jekete. Unabwera kuno pamodzi ndi zovala zosoka.

Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa ndi dzina loti Mandala, inakhazikitsidwa m'chaka cha 1878, ndipo pambuyo pake masitolo a Amwenye anafalikira m'maboma onse. Zitsulo za ku mafakitale a ku Ulaya zinabwera zambirimbiri, ng'anjo zathu n'kuyamba kuzizira. Osula sanatheretu ayi. Anasiya kusungunula miyala, nayamba kusula zitsulo zotha ntchito, ndipo mpaka lero sipuling'i ya galimoto ndi imene imatulutsa nkhwangwa ndi mpeni wabwino pa msika wa kumudzi. Koma mpeni wopinda umafuna kachitsulo kozungulirapo ndi sipuling'i yoyezedwa bwino, choncho unakhalabe katundu wogula m'sitolo.

Mwa mipeni yonse yogula, umene unatchuka kwambiri kumwera kwa Africa kuno ndi Okapi. Dzina limeneli lili ndi ubale ndi dziko lathu umene ambiri saudziwa. Okapi ndi nyama ya m'nkhalango za ku Congo, ya miyendo ya mizeremizere ngati mbidzi. Anthu a m'nkhalangomo ankaidziwa kuyambira kalekale, koma asayansi a ku Ulaya sankaidziwa. Amene anawatumizira umboni anali Harry Johnston, yemwe uja anali woyamba kulamulira dziko lino m'dzina la Britain kuyambira 1891 mpaka 1896, ali ku Zomba, ndipo dzina lake linali pa tauni ya Fort Johnston imene lero ndi Mangochi. Atasamutsidwira ku Uganda, m'chaka cha 1900 anapeza timizere ta chikopa cha nyamayi ku nkhalango za ku Semliki, n'kutitumiza ku London. Akatswiri poona mizereyo anati ndi mtundu wina wa mbidzi. Chikopa chathunthu ndi zigaza zitafika m'chaka cha 1901, anazindikira kuti nyamayi ndi m'bale wa nyamalikiti, naipatsa dzina la sayansi loti Okapia johnstoni. Nkhani inali m'kamwam'kamwa ku Ulaya konse.

Chaka chotsatira, 1902, mu mzinda wa Solingen ku Germany, umene ndi wotchuka ndi malupanga, malumo ndi mipeni, anayamba kupanga mpeni wopinda woti azikagulitsa m'maiko a mu Africa amene Germany inkalamulira. Amalonda ndi ochenjera: anaupatsa dzina la nyama imene aliyense ankaikamba. Musaiwale kuti nthawi imeneyo Majeremani anali anansi athu, tsidya la mtsinje wa Songwe, ndipo m'mwezi wa September 1914 anamenyana ndi asilikali a Britain ku Karonga. Nkhondo itatha Germany inalandidwa maiko ake onse a mu Africa, koma mpeni wake unatsala, n'kupitirira kuyenda m'matumba a anthu amene sanaonepo Mjeremani.

Chimene chinautchukitsa ndi kuphweka kwake. Chigwiriro ndi cha mtengo, chopindika pang'ono, chokongoletsedwa ndi kamwezi ndi tinyenyezi ta chitsulo. Kumsana kwake kuli kachitsulo kamodzi kopyapyala kogwira ntchito ya sipuling'i, ndipo pa kachitsuloko pali kamphete. Potsegula, mpeni umalira "ke-ke-ke" pamene sipuling'i ikudumpha mano a kutsinde kwake, kenaka umakhoma osabwereranso. Kuti muutseke mumakoka kamphete kaja ndi chala. Palibe china. Zinthu zimene zingathe kuwonongeka ndi zowerengeka, ndipo zonse zili poonekera, moti munthu wa kumudzi akhoza kuzikonza ndi nyundo pa mwala.

Ambiri a ife, a m'badwo wanga, mpeni umenewu tinayamba kuuona m'manja mwa amuna obwera ku Joni. Anthu a ku Nyasaland zikwizikwi ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya golide, ena ndi Mthandizi kupita ku Southern Rhodesia, ena n'kungouyamba ulendo okha wapansi. Amene sanatchone ankabwera ndi bokosi, bulangete, chipewa, mwina njinga, ndipo m'thumba la jekete munali Okapi. Pa ukwati kapena pa sadaka, mbuzi ikaphedwa, mwini Okapi ndiye ankaitanidwa kudzasenda, ndipo ife ana tinkaunjikana kuti timve kulira kwake akamautsegula. Ulendo wa Wenela unaima mwadzidzidzi m'chaka cha 1974, pamene ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina loti TEBA, nidzathanso mu 1988. M'chaka chomwecho cha 1988, dzina la Okapi ndi makina ake opangira zinagulidwa ndi kampani ya ku South Africa, ndipo mpeniwu unasiya kukhala wa ku Germany. Amene ali ndi wa agogo awo wolembedwa kuti Germany ausunge bwino, ndi chinthu cha mbiri.

Sindingakubisireni mbali ina ya nkhaniyi. Kutchipa komweko kumene kunaufikitsa m'manja mwa mlimi kunaufikitsanso m'manja mwa tsotsi. M'makomboni a ku Johannesburg, dzina loti Okapi linayamba kumveka m'nkhani za kubayana pa mowa ndi kulandana malipiro. Ku Jamaica nako, m'zaka za m'ma 1960, anyamata ovuta a mu mzinda wa Kingston anautenga kukhala chizindikiro chawo, nautcha ratchet chifukwa cha kulira kwake kuja. Mlandu si wa chitsulo, koma mbiri yoipayo inamatirira, ndipo wapolisi wa ku South Africa akaupeza m'thumba la mnyamata usiku, saganiza za kusenda nzimbe.

Okapi ali ndi anzake awiri amene mbiri yawo ikufanana nayo. Ku France, m'dera la mapiri la Savoie, Joseph Opinel anayamba kupanga mpeni wa alimi m'chaka cha 1890. Ndi kamtengo kobulungira kong'ambidwa pakati, chitsulo chopyapyala, basi. Mu 1955 anawonjezerapo kamphete kozungulira pakhosi kokhomera mpeni ukatsegulidwa. Mipeni yake imadziwika ndi manambala, ndipo wotchuka ndi nambala 8, wa chitsulo chotalika masentimita 8.5. Ku Switzerland, Karl Elsener anatsegula malo ake osulira ku Ibach mu 1884, ndipo mu 1891 anayamba kupereka mipeni kwa asilikali a dziko lake. Msilikali ankafuna chotsegulira chakudya cha m'zitini ndi chomasulira mfuti yake, choncho zida zinaphatikizidwa pa chigwiriro chimodzi. Uwu ndi mpeni wofiira wa kamtanda koyera umene lero timaudziwa kuti Victorinox. Masiku ano alipo ena a zida makumimakumi, olemera ngati mwala, amene amaboola thumba la buluku. Kwa ine amenewo ndi zoseweretsa za akuluakulu. Wa zida zinayi kapena zisanu ndi wokwanira.

Dzina loti Victorinox likutifikitsa pa funso limene wogula ayenera kuyamba kuyankha. Theka lake ndi Victoria, mayi ake a Elsener, ndipo theka lina, inox, ndi mawu a Chifalansa otanthauza chitsulo chosachita dzimbiri. Chitsulo chimenechi anachitulukira ndi Harry Brearley ku Sheffield mu 1913, ndipo chinsinsi chake ndi chromium, amene amafunika kukhalamo osachepera magawo 10.5 pa 100 alionse. Okapi wakale ndi wa chitsulo cha mtundu wina, cha kaboni, chimene chimada ndi kuchita dzimbiri chikasiyidwa chonyowa. Ubwino wake ndi woti chimanoleka msanga pa mwala uliwonse wosalala, ngakhale pansi pa kapu ya dothi, ndipo chimathwa ngati lumo. Mukasenda nacho mango kapena malalanje chimasintha mtundu n'kukhala chotuwa. Musachikweche, kutuwako kumachiteteza. Chimene chimafuna ndi kupukuta mukatha ntchito ndi kadontho ka mafuta ophikira. Mdzukulu wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amene azitumbula nsomba tsiku ndi tsiku, kapena amene amadzidziwa yekha kuti ndi woiwalaiwala, atenge chosachita dzimbiri. Wa kumunda, amene azidula luzi, kusongola zikhomo ndi kumezanitsa mitengo, apindula ndi cha kaboni. Ndipo kwa wophunzira kunola, mpeni wotchipa wa kaboni ndiye mphunzitsi wabwino, chifukwa akalakwitsa sanataye chuma.

Mukafika pogula, musachite manyazi kuuyesa. Utsegulireni kutali ndi nkhope, gwirani chitsulo kumsana kwake, muchigwedeze uku ndi uku. Chikamagwedera ngati dzino la mwana, usiyeni. Mukautseka, nsonga ilowe yonse m'chigwiriro, pakuti nsonga yotsalira kunja idzakubayani chala tsiku limene mudzapise dzanja m'thumba mofulumira. Onaninso zolemba za pa chitsulo. M'misika mwathu mwadzaza mipeni yoba maonekedwe a Okapi ndi a Victorinox, ya chitsulo chofewa chimene chimabuntha chikangodula chingwe kawiri. Zolemba zake zimakhala zosaoneka bwino, ndipo sipuling'i yake imakhala yolobodoka. Kukula kwake, chitsulo chotalika ngati chala chanu cha mkombaphala chimagwira pafupifupi ntchito zonse za tsiku. Ntchito yoposa pamenepo ndi ya chikwanje.

Kwa inu adzukulu amene muli kunja, lamulo ndi limene liyenera kusankha mpeni wanu musanayang'ane n'komwe mtengo wake. Ku England ndi ku Wales, lamulo la Criminal Justice Act la 1988 limalola munthu kuyenda pagulu ndi mpeni wopinda wa chitsulo chosapitirira mainchesi 3, amene ndi masentimita 7.62, koma makhoti anagamula kuti mpeni wokhoma ukatsegulidwa suli m'gulu limeneli. Choncho Okapi wa kamphete ndi Opinel nambala 8 ndi oletsedwa kuyenda nawo popanda chifukwa chomveka, ngakhale ali mphatso ya agogo, ndipo chilango chikhoza kufika zaka 4 m'ndende. Victorinox wamba wosakhoma ndiye woyenera kumeneko. Ku South Africa, lamulo la Dangerous Weapons Act la 2013 limayang'ana malo ndi nthawi imene munthu wapezeka ndi chida, ngati zikupereka chikayikiro choti akufuna kuchita nacho choipa. Kulikonse kumene muli, mpeni supita ku sukulu, ku bwalo la mpira kapena ku malo omwera mowa, ndipo pokwera ndege umalowa m'chikwama chachikulu chopita pansi.

Makolo amene mukugulira mwana, kumbukirani kuti kale mnyamata sankangopatsidwa mpeni n'kusiyidwa. Ankauyambira pafupi ndi atate ake kapena amalume ake, posema mpini, posongola mivi ya mbalame, popala bango la mphasa. Ankaphunzitsidwa kusema molozetsa kunja, osati kudzilozetsa yekha, ndi kukhala patali ndi anzake akamasema. Sankaloza nawo munthu, ngakhale mwa nthabwala. Popereka kwa wamkulu, ankaugwira cha ku chitsulo n'kupereka chigwiriro, dzanja lina litagwirizira mkono monga mwa ulemu wathu. Wopinda uperekedwe uli wotseka. Ndipo pa mpeni woyamba wa mwana wa zaka 10 kapena 12, funani wa nsonga yobulungira, umene Opinel ndi Victorinox onse amapanga, kapena tengani wotchipa wa pa msika, mupite nawo kwa wosula akachotse nsongayo pa mwala wake wonolera.