Gogodera ndi .303: mbiri ya mfuti zakale m'chigwa cha Kasungu

Apolisi ndi alonda a nkhalango yotetezedwa ya Kasungu akagwira anthu opha nyama mozembera malamulo, pakatundu amene amalanda sipalephera kupezeka mfuti yaitali, yadzimbiri, imene thabwa lake lamangidwa ndi mawaya kapena mphira. Imeneyi ndiyo gogodera. Munthu wa m'tauni akaiona amaiyesa choseweretsa, koma ndi mfuti yeniyeni yotha kugwetsa njovu, ndipo mbiri yake m'dera lino ndi yakale kuposa fodya amene anatchukitsa boma la Kasungu.

Gogodera ndi mfuti yodzazira kukamwa. Ilibe malo olowetsera chipolopolo chopangiratu monga mfuti zamakono. Mlenje amathira onga m'paipi ya mfutiyo, n'kutsekera ndi kansanza, kenaka n'kuponyamo chitsulo kapena mtovu, ndipo zonsezi amazitsendera pansi ndi kamtengo kapena kachitsulo kowongoka. Kugogoda kumeneku kumamveka ngakhale m'dzina la mfutiyo. Ikalira kamodzi, basi yatha. Kuti ilirenso mpofunika kuyambiranso ntchito yonse ija, pamene nyama yovulazidwa ili chiimire patsogolo pake.

Kumene zinachokera

Mfuti zoyamba za mtunduwu sizinapangidwe kuno. Zambiri zinali zotsala kunkhondo za ku Ulaya. Nkhondo za Napoleon zitatha m'chaka cha 1815, maboma a kumeneko anatsala ndi milu ya mfuti zopanda ntchito, ndipo amalonda anazigula motchipa n'kuzitumiza ku Africa. Zotchuka kwambiri zinali za asilikali a Britain, zimene pachitsulo chake panadindidwa chisoti chachifumu ndi liwu lakuti TOWER, kutanthauza Tower of London. Amisiri a mumzinda wa Birmingham nawo anayamba kupanga zina zotengera zomwezo, zolunjika msika wa kuno, ndipo zambiri mwa izo zinali zosalimba. Poyamba onga unkayaka ndi moto wothetheka pamwala; pambuyo pake kunabwera kachipewa kamkuwa kamene Aswahili ankakatcha fataki.

Mfutizi zinkatsikira ku Zanzibar, Kilwa ndi Quelimane, n'kulowa kumtunda pamapewa a amtengatenga a Ayao, Aswahili ndi Abisa. Mtengo wake unali minyanga ya njovu ndi anthu. Ku Nkhotakota, doko la Jumbe linali chipata chachikulu cha malondawa, ndipo njira yochokera kumeneko kupita kuchigwa cha Luangwa inkadutsa m'dziko la Mfumu Mwase Kasungu. Mwase anapindula ndi njirayi. Anasonkhanitsa mfuti zokwanira kuti anthu ake asagonje kwa Angoni pa nthawi imene midzi yambiri ya Achewa inkathawira m'mapiri. Koma mfuti zomwezo sizinathe kulimbana ndi za atsamunda: chakumapeto kwa 1895 asilikali a boma la Britain anagonjetsa Mwase, n'kumanga linga limene analitcha Fort Alston. Boma la Kasungu linayambira pamenepo.

Kusiyana kwa zidaku sikunangochitika mwangozi. Pa 2 July 1890 maiko a azungu anasainirana pangano ku Brussels loletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a m'chigawo chachikulu cha Africa, koma analola kuti mfuti zakale zodzazira kukamwa ndi onga wamba zizigulitsidwabe. Pakamwa ankati akuthetsa malonda a akapolo, ndipo mbali ina zinalidi choncho. Koma zotsatira zake zinali zakuti mfuti yabwino inakhala m'manja mwa mtsamunda, ndipo mwini nthaka anatsala ndi yautsi. Pamene zakunja zinayamba kusowa, amisiri osula zitsulo m'midzi anaphunzira kukonza zakalezo, kenaka n'kuyamba kupanga zawozawo. Gogodera wa lero ndi mdzukulu wa mfuti za Tower zija.

Mfuti ya asilikali a KAR

Mfuti ina yakale imene akuluakulu amaikumbukira ndi Lee-Enfield, yodziwika ndi dzina lakuti .303 chifukwa cha kukula kwa chipolopolo chake. Britain inayamba kuigwiritsa ntchito m'chaka cha 1895, chaka chomwecho chimene Mwase anagonja. Imanyamula zipolopolo 10, ndipo msilikali amakoka kachitsulo kapambali ndi dzanja akaomba chilichonse. Iyi ndiyo inali mfuti ya asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo linalemba amuna ambiri a ku Nyasaland. Anaisenza m'nkhondo yoyamba yapadziko lonse ku East Africa, ndiponso m'nkhondo yachiwiri ku Ethiopia ndi ku Burma. Asilikali atalandira mfuti zatsopano, .303 inapitiriza ntchito m'manja mwa apolisi ndi alonda a nyama zakutchire kwa zaka zambiri, pakuti ndi mfuti yosafuna zambiri ndipo fumbi siliilepheretsa kulira.

M'maiko monga South Africa, Canada, Australia ndi Britain, mfutizi zinagulitsidwa kwa anthu wamba zitapuma ntchito ya usilikali, ndipo kumeneko kuli anthu amene amazisunga monga ena amasungira galimoto zakale. Ambiri mwa iwo amadzipangira okha zipolopolo, mololedwa ndi malamulo a kwawo. Amatola chikhokhombe chamkuwa chimene chatsala mfuti ikalira, n'kuchibwezera mumsinkhu wake ndi makina apadera, n'kuikamo koyatsira katsopano, onga woyezedwa pasikelo ndi mutu watsopano. Amachita izi pa zifukwa zomveka: zipolopolo zakale za asilikali zikutha, zina mwa izo zimadyetsa paipi dzimbiri mfuti ikapanda kutsukidwa msanga, ndipo mfuti za .303 zinapangidwa m'mafakitale osiyanasiyana moti mkati mwake simufanana ndendende. Chikhokhombe chikagwiritsidwa ntchito kangapo chimatanuka n'kuyamba kung'ambika chakumunsi, choncho wodzazayo amachiyang'anitsitsa asanachibwezere.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa anthu awiri amene onse amati amadzaza mfuti pamanja. Wa ku Johannesburg ali ndi sikelo, buku la miyeso ndi chitsulo choyesedwa kufakitale. Wa m'mudzi wa m'malire mwa nkhalango ya Kasungu amayeza onga ndi maso, ndipo paipi ya mfuti yake siinapangidwe kuti izipirira moto wotere. Onga ukachuluka, kapena chitsulo chikatsakamira panjira, mfuti imaphulikira mwini wake. Zala, diso, ngakhale moyo zimapita motero.

Pakati pa fodya ndi njovu

Nkhalango ya Kasungu inakhala malo otetezedwa a dziko lonse mu 1970, ndipo ndi yaikulu makilomita oposa 2,300 m'bwalo lake lonse, yachiwiri kwa Nyika. Zaka zomwezo minda ikuluikulu ya fodya inafalikira m'chigwa chonse, ndipo anthu ochuluka anabwera kuchokera m'maboma ena kudzagwira utenanti. Malo olima anachepa, midzi ndi zigafa zinasendera mpaka kumalire a nkhalango. Mlimi wa fodya amalandira ndalama kamodzi pachaka, akagulitsa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndipo miyezi yanjala imamupeza m'thumba mulibe kanthu. Kwa ena, nyama ya m'nkhalango inasanduka ndiwo ndi malonda omwe. Kwa ena, gogodera inali yoopsezera njovu ndi nguluwe zimene zimatha munda wa chimanga usiku umodzi.

Sikuti gogodera yekha ndi amene anatha nyama za ku Kasungu. Misampha yamawaya inapha zambiri, ndipo nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inamwaza mfuti za AK-47 m'chigawo chonse chino. Komabe chiwerengero chikunena chokha: njovu zimene zinalipo pafupifupi 1,200 m'zaka za m'ma 1970 zinatsala pafupifupi 50 pofika 2015. Vuto lapadera la gogodera ndi lakuti amavulaza kwambiri kuposa kupha. Mkati mwa paipi yake ndi mosalala, choncho chitsulo chimauluka mosalunjika chikangopitirira mamita ochepa. Njovu yolasidwa imayenda ndi chilonda kwa miyezi, ndipo yotereyi ndi imene imasanduka yolusa ikakumana ndi mayi wotola nkhuni.

Mu 2022 nthambi yoona za nyama zakutchire, mothandizidwa ndi mabungwe a IFAW ndi African Parks, inasamutsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu. Nkhalangoyi inatsitsimuka, koma madandaulo a alimi a mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia anakulanso, pakuti minda yaonongeka ndipo anthu ena afa. Mpanda wamagetsi unayamba kumangidwa chakum'mawa kwa nkhalangoyi pofuna kuchepetsa mkanganowu.

Zimene lamulo likunena

Aliyense wofuna kukhala ndi mfuti ayenera kupempha chiphaso kupolisi, ndipo kupanga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu. Banja limene lapeza mfuti ya malemu agogo itabisidwa kudenga liyenera kudziwitsa apolisi, osati kuiyesa ngati ikuliranso. Mfuti yodzazira kukamwa imatha kukhala ndi onga mkati kwa zaka zambiri popanda chizindikiro chilichonse kunja. Kulowa ndi mfuti m'nkhalango yotetezedwa ndi mlandu wina pawokha, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, wopezeka wolakwa pa mlandu wopha njovu kapena kusunga minyanga yake atha kukhala kundende mpaka zaka 30.