Yureya, CAN kapena calcium nitrate: tithire uti mu greenhouse?

Anzanga amene mwayamba kulima tomato mu greenhouse, dziwani kuti nayitrojeni wa mu feteleza ali mitundu itatu: nitrate, ammonium ndi yureya. Nitrate mizu imayamwa pompopompo. Yureya amayamba wasanduka ammonium, kenako tizilombo ta m'dothi timamusandutsa nitrate. Kukazizira, monga mu Juni ndi Julayi, tizilomboti timachita ulesi, ammonium n'kuunjikana.

Ineyo ndinathirapo yureya nyengo imeneyi. Masamba anapiringizika, tomato n'kumawola kunsi, chifukwa ammonium akachuluka mbewu imalephera kuyamwa bwino kashiamu. Pano kukazizira ndimathira calcium nitrate. CAN ali pakatikati: theka la nayitrojeni wake ndi nitrate, theka ammonium.

Yureya ali ndi nayitrojeni 46 peresenti, inde, koma musangotengeka ndi nambalayo. Yambani mwaona nyengo.