Nambala Yachinayi: Chaka cha 2017 ndi Mwana wa ku Randburg

Pa 1 Okutobala 2017, ligi yaikulu ya masewera a baseball ku America, yotchedwa Major League Baseball, inatseka masewera ake a chaka. M'gulu la National League Central mndandanda unaima motere: Chicago Cubs inapambana masewera 92 n'kugonja 70, Milwaukee Brewers inapambana 86 n'kugonja 76, St. Louis Cardinals inapambana 83 n'kugonja 79. Pittsburgh Pirates inapambana 75 n'kugonja 87. Ndipo kumchira kunali Cincinnati Reds, imene inapambana 68 n'kugonja 94. Kwa anthu a ku Pittsburgh chinali chaka cha njala, choyenera kuiwalika msanga. Komatu pakati pa masewera 75 amene timu yawo inapambana pali amodzi amene mzinda wa Johannesburg uli ndi chifukwa chowakumbukira. Amenewa ndi a pa 26 Epulo, tsiku limene Mpho Gift Ngoepe wa ku Randburg anakhala munthu woyamba wobadwira ndi kukulira mu Africa kusewera mu ligiyo.

Masewerawa ndi achilendo kwa owerenga ambiri a Chichewa, choncho ndi bwino kuwafotokoza mwachidule. Timu iliyonse imalowetsa anthu asanu ndi anayi. Woponya amaima pakati pa bwalo n'kuponya kampira kolimba, ndipo womenya wa timu inayo amayesa kukamenya ndi chibonga chosalala. Akakamenya amathamanga kuzungulira malo anayi otchedwa base, oikidwa ngati ngodya za chipinda, ndipo akabwerera pamene anayambira ndiye kuti timu yake yapeza pointi imodzi. Omenya atatu akatulutsidwa matimu amasinthana, mpaka zitakwana zigawo zisanu ndi zinayi. Kumenya mpira mwakuti adani alephere kuugwira, womenyayo n'kufika pa base bwinobwino, kumatchedwa hit. Zimenezi n'zovuta kotero kuti amene wakwanitsa katatu pa maulendo khumi amawerengedwa katswiri. Ligi ili ndi matimu 30, ndipo iliyonse imasewera masewera 162 m'miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi tsiku ndi tsiku. Kuponya kulikonse ndi kumenya kulikonse kumalembedwa. Manambala amenewa ndiwo amakweza munthu ndi kumutsitsa, ndipo nkhani ya Ngoepe singamveke popanda iwo.

Baseball inafika ku Johannesburg pambuyo pa golide. Miyala ya golide itapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, eni migodi anaitanitsa akatswiri a zokumba kuchokera ku America, ndipo m'zaka za m'ma 1890 Amereka amenewa anayamba kusewera masewera akwawo m'mabwalo a pafupi ndi migodi. Migodi yomweyo ndi imene pambuyo pake inadzakoka amuna zikwizikwi a ku Nyasaland, amene ankapita ku Joni kudzera ku Wenela. Koma okumba pansi ndi oyang'anira pamwamba sankakumana pabwalo limodzi. Mu ulamuliro wa tsankho masewera anagawidwa potengera khungu monga zinalili sukulu, zipatala ndi malo okhala, ndipo baseball inakhala ya anthu ochepa, yophimbidwa ndi mpira wa miyendo, rugby ndi cricket. Tsankho litatha, timu ya dziko inayamba kuonekera kunja. Inatenga mendulo ya golide pa masewera a All-Africa Games amene anachitikira ku Johannesburg mu 1999, ndipo pa Olympics ya ku Sydney mu 2000 inagonjetsa Netherlands 3 kwa 2, ngakhale inagonja masewera ena onse asanu ndi amodzi. Komabe ligi yolipira osewera kunalibe. Amene ankasewera ankatero Loweruka ndi Lamlungu, ataweruka ku ntchito zawo.

Ngoepe anabadwa pa 18 Januwale 1990 ku Pietersburg, kumene lero kumatchedwa Polokwane, kutatsala masabata atatu ndi masiku ochepa kuti Nelson Mandela atuluke m'ndende. Mayi ake anapita ku Johannesburg kukafuna ntchito, ndipo anaipeza ku kalabu ya Randburg Mets, kumpoto kwa mzindawo, m'dera limene malamulo a tsankho anali atapatulira azungu. Ankasesa, kuchapa ndi kugulitsa zakudya kwa osewera, ndipo anapatsidwa kachipinda ka m'nyumba ya kalabuyo, kosakwana mamita atatu m'litali ndi m'lifupi momwe, kuti azigonamo ndi ana awo. Bwalo la masewera ndilo linali khonde la banjali. Mwanayo ankadzuka n'kupeza mipira ndi zibonga pakhomo, ndipo anaphunzira kugwira mpira poumenyetsa kukhoma ana anzake atabwerera kwawo.

Luso lake linamufikitsa ku sukulu ya masewerawa imene ligi ya ku America inkachititsa ku Tirrenia, m'dziko la Italy. Kumeneko anthu a Pittsburgh Pirates anamuona, ndipo mu 2008 anasaina nawo mgwirizano. Chaka chotsatira, pa mpikisano wa World Baseball Classic ku Mexico City, South Africa inagonja kwa Mexico 14 kwa 3, koma mnyamata wa zaka 19 ameneyu anamenya kawiri mpira wautali womufikitsa pa base yachitatu, pamaso pa Elmer Dessens, woponya amene anali atatha zaka zambiri mu ligi yaikulu.

Kusaina mgwirizano sikutanthauza kulowa mu ligi yaikulu. Pansi pa timu iliyonse pali makwerero a matimu aang'ono a m'matauni akutali, kumene osewera amayenda usiku wonse pa basi n'kumalandira malipiro ochepa, ndipo ambiri amathera komweko. Ngoepe anadutsa ku State College, West Virginia, Bradenton, Altoona ndi Indianapolis. Aphunzitsi ankavomereza kuti pogwira mpira ndi kuuponya kwa anzake analibe wofanana naye m'makwerero onse a Pirates, koma chibonga chinkamukana. Mu 2013 mayi ake anadwala, iye anabwerera ku Johannesburg, ndipo anamwalira. Maliro atatha anakweranso ndege. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa Ngoepe kunatenga zaka zoposa zisanu ndi zitatu ndi masewera opitirira 700.

Chimene chinamutsegulira khomo ndi mavuto a timu yake. Pirates inali itatha zaka 20 zotsatizana, kuyambira 1993 mpaka 2012, ikugonja masewera ambiri kuposa opambana. Inadzuka pakati pa 2013 ndi 2015, mpaka kupambana masewera 98 m'chaka chomalizacho, koma mu 2016 inatsikira pa 78. Chaka cha 2017 chinayamba ndi mabala. Jung Ho Kang, wolondera base yachitatu, anakanizidwa chiphaso cholowera ku America khoti la kwawo ku South Korea litamupeza wolakwa pa mlandu woyendetsa galimoto ataledzera. Pa 18 Epulo Starling Marte anaimitsidwa masewera 80 atapezeka ndi mankhwala oletsedwa m'thupi. David Freese, amene anatenga malo a Kang, anavulala mnofu wa ntchafu. Mphunzitsi wamkulu Clint Hurdle anafunika munthu wa manja odalirika, ndipo wotere anali ku Indianapolis.

Sabata imeneyo ku Pittsburgh kunabwera Chicago Cubs, akatswiri a 2016, amene anali atangothetsa chilala cha chikho chimene chinayamba mu 1908. Pa 24 Epulo Cubs inapambana 14 kwa 3, ndipo tsiku lomwelo Pirates inalowetsa Dovydas Neverauskas, woyamba wobadwira ndi kukulira ku Lithuania kusewera mu ligiyo. Pa 25 Epulo Cubs inapambananso 1 kwa 0. Pa 26 Epulo Neverauskas anabwezedwa ku Indianapolis kuti Ngoepe apeze malo. Anayamba ali pa benchi, ndipo m'chigawo chachinayi Hurdle anamutumiza kukalondera base yachiwiri. Nthawi yomenya itakwana, iye ndiye anali woyamba kuima pamaso pa Jon Lester, woponya ndi dzanja lamanzere amene anali atatenga kale chikho cha ligi katatu. Ngoepe anaumenya mpirawo n'kuudutsitsa pakati penipeni pa bwalo, ndipo atafika pa base yoyamba mphunzitsi Kimera Bartee anamukumbatira. Pirates inapambana 6 kwa 5.

Ku Pittsburgh kunali madzulo a Lachitatu, koma ku Johannesburg nthawi inali itapitirira 2 koloko ya usiku, ndipo tsiku linali litasintha kale kukhala 27 Epulo. Limeneli ndi tsiku la ufulu ku South Africa, lokumbukira chisankho cha 1994, choyamba chimene anthu a mitundu yonse anaponya nawo voti. Panali patadutsanso zaka 70 chilowereni Jackie Robinson mu timu ya Brooklyn Dodgers pa 15 Epulo 1947, kuswa mwambo umene unkatsekera anthu akuda kunja kwa ligi yaikulu. Nayonso Pirates inali ndi mbiri yake pa nkhaniyi, pakuti pa 1 Seputembala 1971 inakhala timu yoyamba mu ligiyo kuyamba masewera ndi osewera asanu ndi anayi onse akuda kapena ochokera ku Latin America, mmodzi mwa iwo Roberto Clemente.

Patapita masiku awiri, ku Miami, Ngoepe anayamba masewera kwa nthawi yoyamba. Anaima kasanu pamaso pa oponya a Marlins ndipo kasanu konseko anafika pa base: katatu pomenya, kawiri chifukwa woponya anaphonyetsa mipira inayi. Pirates inapambana 12 kwa 2. Koma oponya a mu ligi yaikulu amaphunzira mlendo mofulumira. Amaonera mafilimu ake, amapeza mpira umene umamuvuta, ndipo amamupatsa womwewo mpaka atatopa. Mwezi wa Meyi unamulemera. Pa masewera 28 amene anasewera chaka chimenecho anapeza ma hit 12 pa maulendo 54, chiwerengero chimene chimalembedwa .222, ndipo pafupifupi theka la maulendowo anatulutsidwa osaukhudza mpira moyenera. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Patatha masabata asanu anabwezedwa ku Indianapolis. Kusowa kwa anthu ndiko kunamukweza, ndipo manambala a chibonga, omwe aja anamuchedwetsa zaka zisanu ndi zitatu, ndiwo anamutsitsa.

Timu inapitiriza ulendo popanda iye. Mu Julaye inagonjetsa Milwaukee Brewers, imene inali kutsogolera gululo, masewera anayi otsatizana, ndipo kwa masiku ochepa zinaoneka ngati Pittsburgh ingalimbirane malo oyamba. Chiyembekezocho chinazilala mu Ogasiti. M'mwezi umenewo munatsala usiku umodzi wokoma, wa pa 23, pamene Rich Hill wa Los Angeles Dodgers anaponya zigawo zisanu ndi zinayi osalola hit ngakhale imodzi, koma m'chigawo chakhumi Josh Harrison anamenya mpira wotuluka kunja kwa mpanda, Pirates n'kupambana 1 kwa 0. Pomaliza timuyo inatsalira masewera 17 kumbuyo kwa Cubs. Eni ake anawerenga mndandanda n'kuganiza zoyambiranso. Mu Novembala 2017 anagulitsa Ngoepe ku Toronto Blue Jays, ndipo mu Januwale 2018 anatumiza Gerrit Cole ku Houston Astros ndi Andrew McCutchen, amene anali nkhope ya timuyo, ku San Francisco Giants.

Pamwamba pa ligi zinthu zinatha mwa mtundu wina. Cubs inagonja kwa Dodgers pa ndime yolowera ku mpikisano womaliza wa World Series, ndipo Dodgers, imene inapambana masewera 104 m'chakacho, inagonja kwa Houston Astros masewera 4 kwa 3. Mu Januwale 2020 akuluakulu a ligi analengeza kuti Astros inkagwiritsa ntchito kamera kuba zizindikiro zimene adani ankapatsana, n'kumadziwitsa omenya ake pogogoda chitini cha zinyalala. Mphunzitsi A. J. Hinch ndi mkulu wa timu Jeff Luhnow anaimitsidwa ndi kuchotsedwa ntchito, koma chikho sichinalandidwe. M'mabuku a ligi dzina la Astros likadali pamwamba pa chaka cha 2017, ndipo mabukuwo sanena za chitini chija, monga momwe mzere wa 75 ndi 87 sunenera za kachipinda ka ku Randburg.

Ku Toronto Ngoepe anasewera masewera 13 mu 2018 n'kupeza hit imodzi yokha. Pambuyo pake anakasewera ku Australia, mu timu ya Sydney Blue Sox, ndi m'maligi ena ang'onoang'ono. Zonse za moyo wake mu ligi yaikulu zimakwana pa mzere umodzi: masewera 41, ma hit 13. Woyeza ndi muyeso wa ku America angati ndi zochepa, ndipo sanganame. Koma muyesowo umayamba kuwerenga munthu atafika kale pabwalo, ndipo suona kutalika kwa njira imene wadzera. Mwana wa ku Florida kapena ku Dominican Republic amakula akumenya mipira ya oponya aluso chaka chonse, pamene wa ku Randburg anakakumana nayo koyamba ali mnyamata wamkulu, ndipo mpata umenewo sunatsekeke. Kugwira mpira munthu angadziphunzitse yekha ndi khoma, koma kumenya kumafuna woponya waluso woti uzilimbana naye tsiku ndi tsiku, ndipo Johannesburg inalibe ligi yotulutsa oponya otere.

Ngakhale zinali choncho, njira inali italambulidwa. Mng'ono wake Victor, amene anakulira m'kachipinda komweko, anasainanso ndi Pirates n'kusewera m'matimu ake aang'ono. Mu Juni 2019 Tayler Scott, wobadwira ku Johannesburg, analowa pabwalo atavala malaya a Seattle Mariners, n'kukhala woponya woyamba wa ku South Africa mu ligi yaikulu. Panali patangodutsa zaka ziwiri chichitikireni masewera aja a 6 kwa 5.