WITCH: Gitala Amene Analira ku Migodi ya Kopa

Ambirife tikamva za nyimbo za rock maganizo amathamangira ku London kapena ku America. Komatu gulu la rock lomwe ine ndimalikonda kwambiri linabadwira kwa aneba athu, mu mzinda wa Kitwe ku Zambia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Dzina lake ndi WITCH, ndipo woimba wake ndi Emmanuel Chanda, yemwe anthu anamupatsa dzina loti Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa Rolling Stones.

Nthawi imeneyo Zambia inali itangolandira ufulu mu 1964, ndipo kopa ankagulidwa bwino kunja. Anthu ogwira ntchito m'migodi anali ndi kangachepe m'thumba, kokwanira kugula malekodi ndi kulipira pakhomo la dansi. Anyamata omwe ankamvera Jimi Hendrix ndi James Brown anatenga kulira kwa magitala amenewo n'kukusakaniza ndi kaimbidwe ka kwawo. Chinatuluka pamenepo ndi chomwe lero timachitcha Zamrock. Kenaka Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zapawailesi zikhale za ku Zambia, zomwe zinatsegulira njira magulu monga Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Taganizani: zaka zomwezo kuno kwathu mwamuna wa tsitsi lalitali ankatengedwa ngati wolakwira lamulo.

Ine WITCH ndinaidziwira kwa malume anga omwe anakulira ku Copperbelt. Ndili ku koleji ndinkawachezera patchuthi, iwo n'kumandiyimbira nyimbo za mu Lazy Bones!!, chimbale cha 1975, ndi pakamwa pokha chifukwa lekodi yawo inasowa kalekale. Ankati Jagari pa siteji sankaima malo amodzi, ndipo dansi ikatha malaya ako umachita kuwafinya. Nditazipeza nyimbozo pa YouTube ndinawapatsa foni. Anamvera mpaka kumapeto osayankhula kanthu, kenaka anati ndibwereze.

Koma zabwino sizikhalitsa. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 mtengo wa kopa unagwa, ndalama zinasowa. Nkhondo zomenyera ufulu m'mayiko oyandikana nawo zinabweretsa malamulo oletsa kuyenda usiku, choncho magulu anasowa koimbira. Disco nayo inalanda msika. Kenaka kunabwera Edzi, yomwe inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Mwa anthu omwe anayambitsa WITCH, wotsala ndi Jagari yekha. Iye anasiya gululi, anakhala mphunzitsi, ndipo pambuyo pake ankapeza chakudya pokumba miyala ya mtengo wapatali.

Amene anafukula nyimbozi ndi anthu akunja. Mu 2012 kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inatulutsanso zimbale zakale za WITCH. Mu 2019 Gio Arlotta wa ku Italy anatulutsa filimu yofotokoza mbiri ya gululi, ndipo pa nthawiyo Jagari anali atabwerera kale pa siteji pamodzi ndi Patrick Mwondela, woimba kiyibodi wa WITCH m'zaka za m'ma 1980. Mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Chaka chotsatira Tyler, the Creator anaika mawu a Ngozi Family mu nyimbo yake Noid, ndipo achinyamata ambiri kuno anadzidzimuka kumva Chinyanja m'nyimbo ya ku America. Mawu amenewo anajambulidwa mu 1977, ife tisanabadwe n'komwe.

Apa mpamene pamandiwawa. Nyimbo zoimbidwa m'chiyankhulo chomwe timamva popanda womasulira zinachita kuzungulira ku California kuti zitifike m'makutu. Zinapulumuka chifukwa anthu ena anasunga malekodi m'makatoni osawataya. Nanga makaseti a oimba athu akale, omwe ali m'masutikesi a agogo ndi azakhali, akuwasamala ndani? Mukapita kumudzi mwezi uno funsani za sutikesi imeneyo, chiswe chisanakutsogolereni.