Mmisiri Amene Anajambula Thengo

Munthu wocoka ku Harare, mzinda umene kale unali Salisbury, akatsata mseu wa ku Masvingo mailosi oposa 30 amafika pa Beatrice, pafupi ndi mtsinje wa Mupfure. Malowa anachedwa dzina la mlongo wace wa Henry Borrow, mmodzi wa Azungu amene analowa m'Mashonaland mu 1890. Azungu oyambawo anaona golidi m'dzikomo, nakumba mgodi. Obwera m'mbuyo mwao anaona minda. Anapima nthaka, namanga mipanda ya waya, ndipo lamulo la 1930 linapatula dziko lotere kuti likhale la Azungu. Amuna ambiri a ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique amene analowa nchito m'mapulazi a Mashonaland analidziwa thengo monga zitsa zoti azule ndi nkhuni zoumitsira fodya.

Koma analipo munthu wina amene analipenya thengo ndi maso ena. Mu 1957 nyumba yoonetseramo zaluso, Rhodes National Gallery, inatsegulidwa ku Salisbury, mkuru wace ali Frank McEwen. Iyeyu anapatsa anchito ace a m'nyumbamo utoto kuti ayese kujambula. Mmodzi wa iwo anali Thomas Mukarobgwa, wobadwa mu 1924 ku mapiri a Nyanga, amene nchito yace inali kuyang'anira zithunzi za anthu ena.

Inu omvera amene munazolowera cithunzi ca kamera mukadadabwa nazo zithunzi zace. Utoto anaupaka mocindikala, wofiira, wacikasu ndi wobiriwira, ndipo mizere yace imapindika ngati madzi osefukira. Phiri, mtengo, mtsinje ndi munthu zimalowana, kotero kuti diso limavutika kupeza pothera cina ndi poyambira cinzace. Ena anayesa kuti ndiko kusaphunzira. Analakwa. Wopima malo amaima kunja kwa thengo nalidula ndi cingwe, koma Mukarobgwa analijambula monga alionera munthu wokhala m'kati mwace, wodziwa nthano ndi mizimu ya mapiri a kwao. Maina a zithunzizo acitira umboni: cina ca mu 1962 cimachedwa "View You See in the Middle of a Tree", ndiko kuti zimene munthu apenya ali pakati pa mtengo. Cimeneci ndi zina zitatu zinalowa m'nyumba yochuka ya Museum of Modern Art ku New York.

Utoto sunakhalitse. Ogula a kunja anakonda kwambiri zosema za mwala, ndipo McEwen anatembenuzira amisiri ace komweko. Mukarobgwa nayenso anagwira cisemero zaka zambiri. McEwen anacoka m'dzikomo mu 1973. Mukarobgwa anabwerera ku utoto atakalamba, namwalira mu 1999.